Mvula Yodulidwa Mutu

Dzulo ku Chimbiya anandikulungira tomato m'nyuzipepala yokhala ndi timabokosi todzazamo mawu, ndipo ndinakumbukira bambo anga.

Anali mphunzitsi ku Mayani, ndipo ankakonda kupeka okha mafunso a masewera amenewa. Tsiku lina, ndili Sitandade 4, anandipatsa pepala lomwe analikonza sabata yathunthu, loti lipite ku kanyuzi ka parishi m'mawa mwake.

"Tayesa, mwanawe, undiuze ngati akumveka."

Funso loyamba linkati, "Mvula ikadulidwa mutu, malaya achoke." Ndinatenga bolopeni yawo yofiira n'kukhwatcha mwamphamvu mpaka pepala kubooka. Pambali ndinalemba kuti, "Mvula ilibe mutu. Bwerezani!" Mafunso enawo ndinawakhwatchanso. Kenako ndinathamanga kukaonetsa aphunzitsi anzawo omwe ankacheza nawo pakhonde, onse n'kufa nacho chiseko.

Bambo anayang'ana pepalalo kwa nthawi yaitali. Anaphimba "m" wa "mvula" ndi chala chawo chotuwa ndi choko, panatsala "vula".

"Mwachonga bwino, aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, akulipinda.

Sanapekenso ena. Inenso ndakalambira m'kalasi, koma mpaka lero manyazi amandigwira ndikakumbukira kuti munthu woyamba amene ndinamulepheretsa anali atakhoza.