Kamera Inakana Diso Lamanzere

Kamera imafuna nkhope, osati manja okha. Aliyense wofuna kuphunzira ndinkamuuza chimodzimodzi: dzanja lamanzere pansi pa lenzi, zigongono zithine nthiti, kamera igunde pamphumi, diso pa kabowo kosuzumira, kenako gwira mpweya. Ana a masiku anowa, otambasula mikono ndi foni ngati akubweza khanda la eni lomwe ladziipitsira, ndinkawaseka poyera.

Zaka zonse zimene ndinajambula anthu, kuyambira pakhonde la sitolo ku Area 1 mpaka maukwati a ku City Centre, ndinkasuzumira ndi diso lamanja. Mphuno inkapeza malo ake pambali, ndipo nsidze ya mbali imeneyo inachita kuthothoka. Ndiye diso lomwelo ndi limene shuga inayambira kudya. Kuchipatala anandiuza mosabisa kuti silibwereranso, ndipo linzakelo likutsatira pang'onopang'ono.

Ndinayesa lamanzere. Mphuno inkadinda mafuta pagalasi la kumbuyo, chala chachikulu chinkanditosa m'diso lodwalalo, khosi linkapindika. Zinkandikwiyitsa koopsa, chifukwa chinthu chimene ndinakalamba nacho chinkandikana ngati sichikundidziwa.

Nthawi yomweyo kunabwera uthenga wochokera ku banja lina la ku Area 3 limene ndinalijambulira maubatizo ndi maukwati onse. Anaimba ndi mwana wawo woyamba, mayi wamkulu kale.

"Bambo, mubwere mudzawajambule amayi. Akuti akufuna inuyo basi, enawa sadziwa."

Sanatchule ntchito ya chithunzicho, inenso sindinafunse. Amayiwo anali atadwala nthawi yaitali, ndipo kwathu kuno chithunzi cha pamaliro sichitchulidwa mwiniwake akupuma. Timangoti cha chikumbutso. Tonse tinkadziwa kuti akufuna anthu adzawaone komaliza atavala yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, imene anaitumikira moyo wawo wonse.

Mlonda ananditsegulira geti. Mpando unali utaikidwa kale pakhonde, kumbuyo kwake kuli mpanda wa maluwa ofiira. Amayiwo anawatulutsa atawagwira uku ndi uku, bulauzi yoyera mbee, duku atamanga bwinobwino. Mwana wawo anandinong'oneza kuti kuwaveka kokhako kwatenga m'mawa wonse.

"Mwabwera, ajambuli?" amayiwo anatero. "Fulumirani, msanawu sukundilola."

Ndinanyamula kamera, ndipo manja anaipititsa okha ku diso lamanja. Ndinangoona nkhungu. Ndinasamutsira kumanzere, mphuno n'kugunda, chipewa n'kugwa. Ndinapotokola lenzi uku ndikufunafuna maso awo. Nditaona ngati ndawapeza ndinadina kangapo. Mutu wawo unayamba kuwerama, ndipo anawanyamula kubwerera nawo m'nyumba.

Ndinayang'ana pagalasi la kumbuyo, koma padzuwa lija kachithunziko sindinkakaona bwino. Ngakhale ndikanakaona, ndani angauze munthu wamkulu wodwala chotero kuti tulukaninso, sindinakhoze? Ndinatola chipewa changa n'kutsazika.

Zithunzi zitatsukidwa, maluwa a kumpanda anatuluka bwino zedi, tsamba lililonse likuoneka palokha. Nkhope ya amayi inali mbuu, maso ndi pakamwa zitasungunukira pamodzi. Ndinasunga envulopuyo ndikudziuza kuti mawa ndipita kukapempha mwayi wina. Uthenga wa maliro unandipeza ndisanapite.

Zithunzizo ndinakapereka choncho. Mwana wawo anayang'anitsitsa chithunzi chimodzi nthawi yaitali, n'kuchibwezera mu envulopu.

"Zikomo, bambo. Mwayesetsa."

Bola akanandikalipira. Papulogalamu ya maliro anaikapo chithunzi chimene mdzukulu anajambula pafoni: amayi ali chogona, mutu wopanda duku, pilo atamudula theka. Anthu onse amene anadzaza pamaliropo anawaona komaliza ali choncho, ndipo chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Pa tsiku loika ndinapita kamera ili m'khosi, poganiza kuti mwina nkhata za maluwa zokha ndingajambule. Ndisanafike n'komwe pafupi ndi bokosi, bambo wina wolandira anthu anandigwira pamkono mwaulemu n'kunditsogolera ku tenti ya akuluakulu.

"Khalani apa, agogo, mupume. Ojambula alipo kale."

Ndinakhala.