Makobiri Amene Ndinakwecha

Amuna anga ankayendetsa basi, ndipo tsiku lawo lopuma linkathera pa msika wa ku Romford, atawerama pa matebulo a ogulitsa zinthu zakale. Amuna a anzanga ankabwera kunyumba ndi nyama. Anga ankabwera ndi kobiri limodzi lakuda bii, lokulungidwa m'kapepala, akumwetulira ngati awina mpira.

Anali ndi bokosi lathabwa pansi pa bedi m'fulati yathu ya ku Barking. Munali matiki, masikisi, masheleni, ndi makobiri oboola pakati aja a nthawi ya atsamunda. Ena anali otsekeredwa m'timabokosi tapulasitiki tolembedwa giredi pamwamba, nambala yosonyeza kuti kobirilo lasungika bwino motani. Akafuna kuwagwira ankayamba avala magolovesi oyera, ine ndi ana tikuonerera patali. Ndinkawanena kuti, "Inu, ndalama yosagula ndi mchere womwe mukuilemekeza kuposa mkazi wanu?" Iwo ankangoti, "Mayi, izi simungazimve."

Sitiroko itawagwira, dzanja lamanja linalefuka, mawu nawonso ankatuluka amodziamodzi. Fulati yathu inali pamwamba, lifiti kunalibe, ndiye tinafunika kusamukira nyumba yapansi, koma ndalama zosamukira tinalibe. Tsiku lina analoza kunsi kwa bedi n'kunena kuti, "Gulitsani." Ndinakana. Anabwerezanso, maso ali pa ine, ndipo ndinaona kuti munthuyu akupereka zaka makumi atatu za moyo wake kuti ine ndisiye kumunyamula pa masitepe.

Ndinaimbira foni kampani ina ya okushoni. Anandiuza kuti ndipite nazo ndalamazo Lachiwiri, katswiri wawo akaone ngati zina zikufunika kukaziyezanso giredi zisanagulitsidwe.

Tsono ine ndine mwana wa ku Kasungu. Kwathu mbale siifika kwa mlendo isanakwechedwe, ndipo fodya wopita ku okushoni tinkamusankha tsamba ndi tsamba. Ndiye ndikaonekere kwa anthu ndi ndalama zakuda ngati zotola m'ngalande? Akati m'nyumba imeneyi mulibe mkazi? Lolemba m'mawa, mwana wathu wamkazi atawatenga bambo ake kupita nawo kuchipatala kokalimbitsa dzanja, ndinaima pa sinki ndi mandimu, soda ndi sitiliwulu. Ndinakwecha mpaka zala kuwawa. Timabokosi tapulasitiki ndinalimbana nato ndi mpeni, mwamwayi kanatseguka kamodzi kokha. Makobiri anayera mbee, ine kunyadira, mpaka kuimba nyimbo ya kwaya.

Katswiri uja anali bambo wachikulire wadazi. Anaika kagalasi padiso, n'kutembenuza kobiri limodzi, kenako lina. Atadzutsa mutu anafunsa kuti watsuka ndani.

"Ndine," ndinayankha, ndikudikira kuyamikiridwa.

Anandifotokozera mofatsa, ngati akuuza munthu za maliro. Kuda kuja ndi kumene ogula amafuna, chifukwa ndi umboni woti ndalamayo sinasokonezedwe. Anandipatsa kagalasiko kuti ndione ndekha, ndipo nkhope ya mfumukazi inali zikande zokhazokha. Anati zotsukazo ndisavutike kuzitumiza, chifukwa oyeza giredi akangolembapo kuti zinatsukidwa, ndipo mtengo wake wagwa kale. Zisanu za m'timabokosi timene mpeni wanga unalephera kutsegula ndi zimene anati zikayezedwenso. Giredi yake yakale inkaoneka yotsika, koma anandichenjeza kuti ikhoza kukwera, ikhozanso kutsika, ndiye mwini wake avomereze kaye.

Mayo ine! Pobwerera kunyumba, m'sitima ya District, ndinakumbatira bokosi lija ndikulira, anthu akuyang'ana kumbali. Za mtengo sindinkaziganiza n'komwe. Ndinkaganiza za munthu amene sanagwirepo ndalamazi ndi dzanja lopanda golovesi, kuti ndikamuuza bwanji.

Nditafika ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, mwambo umene ndinausiya kalekale, n'kutsegula bokosi. "Bambo, ndalakwa. Ndimati ndikukonzereni."

Anayang'ana nthawi yaitali. Msozi unatsika mbali imodzi ya nkhope. Nditawafotokozera zimene katswiri uja ananena, anati zisanu zija zipite, kenako anatembenukira kuwindo. Masiku awiri sanandiyankhule zambiri, ndipo ine sindinawakakamize. Ndinkangowasambitsa, kuwaveka, n'kuchoka.

Kuchipatala anali atawapatsa ntchito yotola mabatani patebulo ndi dzanja lodwalalo, kuti zala zidzuke. Ankadana nayo koopsa. "Ndine mwana ine?" ankatero, n'kuwakankhira pansi. Tsiku lachitatu masana ndinabweretsa mabataniwo monga mwa nthawi zonse. Anapukusa mutu n'kuloza bokosi. Ndinafuna kutenga magolovesi, koma anati, "Asiyeni. Mwawononga kale."

Ndinakhuthula makobiri otsuka aja patebulo. Anaika dzanja lofookalo pamwamba pake, khungu lenileni, n'kuwasisita pang'onopang'ono. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka. "Ozizira," anatero, akudabwa ngati kobiri sanalionepo.

Anasankha loboola pakati. Chala chachikulu chinkaterereka, kobiri n'kuthawa, iwo n'kulitsatira. Ndinkafuna kuwathandiza, koma ndinakhalira manja anga. Kachisanu ndi chiwiri linanyamuka. Linkanjenjemera m'mwamba, thukuta lili kamukamu pamphumi pawo, mpaka linafika pachikhatho changa.

"Kagule mchere," anatero.

Ndinaseka ndikulira. Zaka zonse za ukwati wathu anali asananditchulepo kuti iwe.

Zisanu zija zinapita n'kugulitsidwa, ndipo ndi ndalama zake tinasamuka. Zotsukazo sitinagulitse. Zinakhala m'mbale patebulo, ndipo masana aliwonse ankazitola imodziimodzi mpaka chaka chimene anatisiya. Loboola lija ndinalipisa ulusi, lili m'khosi mwangamu. Layambanso kuda, ndipo mwana wanga akandiuza kuti ndilitsuke ndimakana.