Waya wa K180 wawotcha mapadi a amuna anga

Wokonza zamagetsi wina pamsika wa Chongwe wawotcha mapadi awiri a gemu a m'nyumba mwathu, ndipo akuti mlandu si wake.

Mapadi ndi timakina togwira m'manja posewera gemu ya pa TV. Kwa ife si zoseweretsa. Amuna anga anadwala sitiroko chaka chatha ndipo dzanja lamanja linauma. A fizio, othandiza kulimbitsa ziwalo kuchipatala, anati azisewera mphindi makumi anayi tsiku lililonse kuti zala zizolowerenso kugwira. Zinathandiza. Mwezi watha anamanga okha mabatani a malaya.

Vuto linali chochajira mapadiwo. Chimalumikizidwa kumbuyo kwa makina a gemu, ndipo chimachaja pokhapokha makinawo atayaka. Magetsi kuno mukuwadziwa. Akabwera, mapadi amakhala alibe moto. Akadzadza, magetsi apitanso. Ndiye ndinafuna kuti chochajiracho chikhale ndi waya wakewake wochokera ku batire la sola.

Lachiwiri nthawi ya 9:40 ndinafika pakashopu kake, pafupi ndi pokwerera mabasi a ku Kanakantapa. Ndinamuonetsa zolembedwa pansi pa chochajira: 5V. Ndinamuuza kuti batire lathu ndi la 12V, choncho pakufunika kachipangizo kochepetsa mphamvu pakati. Ndinabwereza kawiri.

Anaseka. "Ba mami, imwe mwaziba liti za mavolti? Siyani kwa ise. Niyikamo."

Anati K180, kachipangizoko kali momwemo. Anati ndibwere 14:00. Ndinabwera. Shopu yotseka. Lachitatu nthawi ya 11:15 ndinamupeza akudya chimanga chowotcha, chochajira changa chili pansi pa mulu wa mawailesi, chisanakhudzidwe n'komwe. Lachinayi ndi pomwe anandipatsa, waya atakulungidwa tepi yakuda.

Ndinafunsa ngati wayeza. Anati wayeza. Ndinafunsa mita yoyezera magetsi ili kuti. Anatenga nsonga ya waya, nalumikiza ku batire lake, n'kuigunditsa pa lilime.

"Moto ulimo," anatero.

Lilime limawerenga manambala kuyambira liti?

Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinachitenga. Kunyumba ndinaika mapadi onse awiri nthawi ya 16:05. Pofika 16:08 m'chipinda munali fungo la pulasitiki yopsa. Padi imodzi inatupa kumsana ngati chitumbuwa. Inayo inangozima, mpaka lero. Amuna anga anali pampando akuyang'ana. Anangobweza dzanja lija pamwendo.

Mnansi wathu, mphunzitsi wa sayansi ku Chalimbana, anamasula tepi ija. Mkati munalibe kachipangizo kalikonse. Mawaya awiri opotedwa pamodzi ndi zala, osawotcherera n'komwe. Mavolti onse khumi ndi awiri analowa mwachindunji.

Lachisanu 8:30 ndinali pashopu ndi zonse m'thumba. Poyamba anati sanandionepo. Nditatulutsa chochajira anakumbuka. Kenako anati batire lathu ndi lamphamvu kwambiri. Kenako anati mapadi anali akale. Kenako anati mwina ndinapukuta ndi nsalu yonyowa, poti azimayi timakonda kupukuta zinthu.

Ndinamufunsa funso limodzi: kachipangizo kamene ndinalipira kali kuti?

"Kanasila mu Lusaka," anayankha. "Manje nenze nifuna nikuthandizeni mwamsanga."

Kundithandiza! Bwanji osandiuza kuti kulibe? Nambala yanga ya foni anali nayo, ndinamulembera ndekha pakatoni.

Anthu atayamba kuima pakhomo, anatsitsa mawu. "Ba mami, izi ni nkhani za amuna. Uzani ba daddy babwele tikambe."

Ndinamuuza kuti ba daddy akanatha kukwera minibasi ndi kumugwira pakolala, sitikanafuna mapadi. Amayi ogulitsa tomato pafupi anaombera m'manja. Iye anayatsa wailesi n'kukweza mawu.

Sindinalembe dzina lake pano, chifukwa nkhaniyi ili kale kwa wapampando wa msika. Koma inu amene mumapereka mafoni, mawailesi ndi masola kwa okonza, funsani mita. Aziyeza inu mukuona nambala. Tepi yakuda isakunamizeni, auzeni atsegule musanalipire. Wokonza amene akukusekani chifukwa mwawerenga zolembedwa pa katundu wanu, nyamulani katunduyo muzipita.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi amuna anga osasewera. Ndawapatsa nyemba kuti azitola m'mbale imodzi kuika m'mbale ina. Amachita mphindi zisanu n'kusiya, akuti si mwana wa kukireshi. M'mawa uno batani lapamwamba ndawamangira ine.

Wapampando watiitana tonse awiri, ine ndi wokonza uja, mawa nthawi ya 10:00 ku ofesi ya msika. Ndikupita ndi mapadi opsa, waya uja ndi mphunzitsi wa sayansi. Ndikufuna mapadi awiri ogwira ntchito lisanafike Lachisanu, tsiku limene a fizio adzayezenso dzanja la amuna anga.