Chisuweni cha mu Ofesi ya aZikhale

AZikhale sanabadwe ndi taye m'khosi ayi. Anabwera m'tauni kuchokera kwa Chitukula n'kulowa ntchito yosamalira maluwa kwa dokotala wina ku Area 3. Koma mtima wawo unali pa zitsulo. Wailesi ikafa, loko akakana, maluwa ankayamba adikira. Tsiku lina dokotala uja anabwera ndi chimphika cha magetsi chowiritsira majakisoni, chitakanika kuchipatala, n'kuchiponya m'galaja. Pobwera masana anachipeza chikufuka nthunzi, wamaluwa ali phee pambali akudya chinangwa. Basi, khasu anatsanzikana nalo pomwepo. Dokotalayo anawatumiza ku Blantyre kukaphunzira za makina a m'chipatala.

Pobwerako anapeza Lilongwe ali fumbi lokhalokha. Likulu linali likusamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, mathirakitala akugwetsa mitengo, nyumba zikumera ngati bowa. Aliyense ankafuna kachipatala kake: makampani omanga, amishoni, akazembe. Koma choti agule sankachidziwa. Firiji ya katemera yotani? Makina oyezera magazi ati? Onse ankathera pa kashopu ka aZikhale ku Malangalanga. Poyamba ankangokonza zakufa, kenako anaona kuti anthu akufuna kwambiri malangizo: gulani ichi, icho chisiyeni, ichi muchiike apa. Posakhalitsa anapeza chipinda pa nyumba yosanja ku City Centre, nalemba antchito awiri. Wina anali Paxton, mnyamata wamtali wamanyazi. Wina anali Margret, amene anasiya unamwino chifukwa chokonda mawaya kuposa mabandeji.

Ndiye ulemu wake, abale! AZikhale akalowa, onse dzidzimu, kuimirira. Akanena kanthu, yankho linali limodzi: "Zoona, bwana." Margret ankapereka sipanala ndi manja awiri atapinda maondo. Zinkawakomera aZikhale, tisaname. Munthu woti dzana ankaitanidwa kuti "boyi", angadane nazo bwanji?

Tsiku lina kunabwera sisitere wa pa kachipatala ka mishoni, kunja kwa mzinda kumene anasamutsirako anthu opereka malo a likulu. Ankafuna firiji ya katemera. AZikhale anayala mapu a mzinda watsopano pa tebulo, naloza ndi chala.

"Mukuona mzerewu, amayi? Awa ndi magetsi. Gulani firiji ya magetsi. Za parafini n'zachikale. Si choncho, Paxton?"

"Zoona, bwana."

Firiji inabweradi, yoyera mbee, yokongola. Koma magetsi aja anali pa mapu pokha. Kumaloko kunali mapolo ali njo, opanda waya n'kamodzi komwe. Katemera anawonongeka, amayi anabwerera ndi ana kumsana osabayitsa, ndipo firiji ija anayamba kusungiramo shuga kuopa nyerere. Sisitere anakwera masitepe a ku City Centre ali wefuwefu, ndipo mpando anaukana.

"Bambo Zikhale, tikumanga chipinda chochiliramo amayi. Ndikupatsani ntchitoyi chifukwa palibenso wina. Koma mukalakwitsanso, mishoni zonse za chigawo chino zimva kwa ine ndemwe."

Amishoni akakutaya, pa ntchito imeneyi watha. AZikhale ankadziwa zimenezo. Chimene chinawapweteka kwambiri chinatuluka mlendo atapita: mlongo wake wa Paxton ankakhala pafupi ndi kachipatala komweko, ndipo Paxton ankapitako mwezi ndi mwezi.

"Ndiye iwe umadziwa kuti kulibe magetsi?"

"Ndimadziwa, bwana."

"Osanena bwanji?"

"Ndikanakutsutsani bwanji pamaso pa alendo?"

"Nanga alendo atapita?"

Paxton anayang'ana nsapato zake. "Munali mutanena kale, bwana."

Kumukalipira? Mwanayo analeredwa bwino, mlandu wake unali womwewo. AZikhale anatuluka, nakwera basi ya ku Old Town, mpaka mumsika momwe Naphiri ankagulitsa usipa ndi tomato. Naphiri anali msuweni wawo, mwana wa amalume. Ndiye mukudziwa za chisuweni: msuweni amakutukwana, amakulanda chipewa, amakutcha mwamuna wake, iwe n'kumangoseka, mlandu palibe. Atamva nkhaniyo, Naphiri anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Iwe Zikhale, mwamuna wanga wachabechabe! Wamanga tayeyo mpaka makutu atsekeka? Firiji yodyera mapu unaiona kuti?"

AZikhale anaseka nawo, kenako anasiya. Anazindikira kuti mu Lilongwe yense, munthu wowauza zoona anali mmodzi yekha, ndipo ankagulitsa usipa.

Lachisanu masana Naphiri anatulukira ku ofesi ndi dengu lake. Anakhala pa mpando wa bwana, navula patapata, nayamba: jekete lakulo n'lobwereka, mimba yayamba kutsogola, Chingelezi chako chimamveka ngati njinga yopanda girizi. Paxton anatsala pang'ono kulowa pansi pa tebulo. Apo aZikhale anaimirira.

"Mwamuona ameneyu? Ndafa? Kuyambira lero, Lachisanu lililonse masana muno mulibe bwana. Tonse ndife asuweni. Amene ali ndi mawu anene."

Zinayamba movuta. Lachisanu loyambalo Paxton anatsokomola, natuluka thukuta, n'kunena kuti, "Bwana... msuweni... tiyi wa muno amachepa shuga." Naphiri anamuombera m'manja ngati wapha mkango. Sabata yotsatira Margret anati msuweni amalankhula kwambiri alendo akabwera, safunsa. Kenako zinayamba kutuluka zenizeni. Chimphika chowiritsira zipangizo chimene aZikhale anasankhira chipinda cha amayi chija, Margret anachikana: madzi a pa mjigo wa kumeneko ndi amchere, chitseka mapaipi mwezi usanathe. Paxton anati kabokosi kofunditsira ana obadwa masiku asanakwane kakhale koyendera mabatire a galimoto, poti mapolo aja anali akadali amaliseche. AZikhale ankatsutsa, kufuula, kumenya tebulo, koma pomaliza ankamva. Anthu a m'maofesi oyandikana ankadabwa kuti Lachisanu kumeneko kumakhala ukwati wanji.

Katundu atafika, kunatsala kukalumikiza. Lachisanu lake aZikhale anali osangalala, akupinda malaya m'mikono.

"Mawa kabokosi ka ana kaja ndikalumikiza ndekha. Pamenepo sipofunika masewera."

Palibe anaseka. Paxton anayang'ana Margret, Margret anayang'ana pawindo. Naphiri anagwedeza Margret ndi chigongono.

"Iwe, lero n'Lachisanu. Lavula."

Margret anaimirira, ngakhale pa chisuweni saimirira.

"Msuweni, manja anu sakugwiranso bwino. Amanjenjemera. Mawaya amene mumawotcherera, mukachoka timamasula n'kuyambiranso. Tinayamba chaka chatha. Za wailesi titha kubisa, koma m'kabokosi kaja mukagona mwana wa munthu."

Eee, zinawawa. Zinawawa kuposa za firiji, kuposa mawu a sisitere. AZikhale anafuna kunena kuti chisuweni chatha, aliyense atenge chikwama chake azipita. Mawuwo anafika pakhosi ndithu. Naphiri anasalaza chitenje pa maondo. Kenako aZikhale anatsitsa mikono ya malaya, namanga mabatani mmodzimmodzi, ndipo onse anaona kuti mabataniwo akuwavuta.

"Chaka chathunthu," anatero. "Ana inu, chaka chathunthu mukundisenza?"

M'mawa mwake anapita onse ku mishoni. Margret anagwada pa kabokosi, Paxton akumupatsira zida. AZikhale anaima pakhomo, manja m'thumba. Kawiri konse phazi linanyamuka lokha, kawiri konse analibweza. Sisitere anawayang'ana mokayika.

"Nanga inu simugwira, bambo Zikhale?"

"Ayi, amayi. Odziwa ndi awo. Ine ndangowanyamulira bokosi la zida."

Kanyali kofiira kanayaka. Sisitere analowetsa dzanja m'kabokosi, namva kufunda, nagwedeza mutu. Kenako anapita kuchipinda china n'kubwera ndi kamwana kakang'ono kwabasi, kamene mayi ake anali akukafunditsa pachifuwa chibadwire. Anakagoneka. Kanatambasula timiyendo, n'kugona tulo.

AZikhale anasangalala, ndipo mtima unawawawa nthawi yomweyo. Ntchito yabwino koposa imene ofesi yawo inagwirapo inali patsogolo pawo, ndipo iwo sanakhudzepo waya ngakhale mmodzi. Anatuluka panja, nakaima kuseri kwa galimoto mpaka maso atauma. Atabwerera anapeza sisitere akufunsa za makina oyezera magazi.

"Funsani mayi Margret," anatero aZikhale. "Ine ndimvetsera."