Chaka Chimene Wonga Unakwera Mtengo

Amalume ankasungira wonga wa mfuti yawo m'nyanga ya ng'ombe. Inali nyanga yokhota, yosalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri, kumsonga kwake kuli kachitsekerero ka mtengo komangirira ndi kachingwe kachikopa kuti kasatayike. Ukaigwedeza pafupi ndi khutu, mkati munkamveka ngati mchenga wouma. Ana sitinkaloledwa kuigwira, koma ine ndinaigwirapo tsiku lina, ndipo fungo lake linanditsalira m'zala mpaka madzulo.

Fungo limenelo ndimakumana nalo kuno ku Ilford, ku London, mwezi wa Novembala, anthu akamaphulitsa makombola m'mapaki ndi kuseri kwa nyumba zawo. Ndikatsika sitima pochokera ku shifiti, utsi umakhala utatsika mumsewu chifukwa cha kuzizira, ine n'kungoima pa siteji ya basi kumaununkhiza. Mwana wanga wamkazi anandifunsa tsiku lina chimene ndinkamwetulira. Ndinamuuza kuti ndikumva fungo la amalume anga. Anandiyankha m'Chingerezi, monga amachitira nthawi zonse, kufunsa ngati amalumewo ankanunkha utsi. Ndinati inde, ndipo sindinamunamize.

Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri a kumalire. Chaka chimene ndikunenachi ndinali ku pulayimale, bambo ali ku Joni, amayi akulima okha. Munda wathu unali womalizira m'mudzi monse. Ukaupitirira, unkalowa m'tchire la phiri. Amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi, ankakhala kuchikamwini kutsidya la mtsinje, ndipo munda wawo unali m'mbali mwa phiri lomwelo, kuseri kwake.

Mfuti yawo inali gogodela, ija yothira wonga kukamwa. Ankathira wonga, kuikapo kansanza, kusindira ndi kachitsulo kakatali, kenako chipolopolo, kansanza kena, kusindiranso. Ikalira kamodzi, kuti ilirenso munthu ankayambira poyamba, pamenepo nyama ili kutali kalekale. "Iyi imalankhula kamodzi," ankatero amalume, "ndiye uyambe waganiza chimene ukufuna inene." Ngati anali ndi chilolezo cha boma, ine sindikudziwa. Sindinafunsepo, ndipo lero palibe woti ndimufunse.

Zaka za m'mbuyomo mfuti ija inkatidyetsa nkhanga. Amalume ankatulukira mamawa, mame ali m'miyendo ya buluku, n'kuponya nkhanga pakhomo pa amayi. Nthenga zamawangamawanga ndinkaziika m'kati mwa makope a kusukulu. Koma chaka chimenecho wonga unakwera mtengo. Ankabwera nawo bambo wina wa panjinga kuchokera kutsidya la malire tsiku la msika, ndipo ulendo uliwonse akabwera ankatchula mtengo wina, akudandaula za msewu ndi za amene ankamugulitsa iyeyo. Mtovu wa zipolopolo nawonso unasowa. Kale amalume ankaupeza m'mabatire akutha a galimoto amene anthu ankangotaya, koma tsopano kunabwera ogula zitsulo zakutha amene ankatolera chilichonse. Ndikukumbukira tsiku limene amalume anachokera kumsika n'kudzera kwathu. Anagwedeza nyanga ija pafupi ndi khutu la amayi. Amayi anamvetsera, n'kunena kuti, "Basi?" Iwo anati, "Basi, achemwali."

Tsiku lomwelo anayala thumba pansi pa mtengo wa mango n'kutulutsa tizitini tiwiri. M'kamodzi munali tizidutswa ta misomali ndi timipira tachitsulo ta m'gudumu la njinga, zimene ankawombera mbalame chifukwa zimamwazika. M'kena munali zipolopolo zamtovu zozungulira, zochepa kwambiri moti akagwedeza kachitini zinkagubuduka momasuka. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka kachitini ka misomali, n'kukapereka kwa amayi kuti akaike pamwamba pa khoma. Ine ndinadziwa kuti nkhanga zatha, ndipo zinandiwawa ngati andilanda chinthu changa.

Aphunzitsi athu, amene ankakonda nkhanga kuposa nkhuku, anakumana nawo panjira n'kuwapempha kuti awawombere imodzi, iwo agula. Amalume anavula chipewa, n'kupepesa kuti chaka chino ayi. Bambo wina woyandikana nafe, amenenso anali ndi gogodela, anawalangiza kuti azithira wonga theka kuti ukhalitse. Amalume anapukusa mutu. "Wonga wochepa umangoikwiyitsa nguluwe. Ikavulala imabwerera, ndipo m'mundamo mumakhala ana." Muyezo wawo unali kachitsekerero ka botolo, ndipo sankawonjezera kapena kuchotsera. Wochuluka, ankati, umangokumenya phewa n'kuthera mu utsi.

Ntchito yanga nyengo imeneyo inali yoingitsa anyani. Ndikaweruka kusukulu ndinkakwera pakansanja kamene kanali pakati pa munda, nditatenga chitini ndi kamtengo. Ndinkaikonda ntchitoyo. Pamwambapo ndinkaona chimanga chonse chikuweyula ngayaye, mtsinje ukung'anima kumunsi, utsi wa m'mudzi ukukwera mowongoka mvula ikakata. Ndinkadya mapwetekere ang'onoang'ono omera okha m'mizere, ndikuimba nyimbo za kwaya mokweza kuti anyani adziwe kuti pali munthu. Sindikumbukira kuti ndinasungulumwapo.

Masana ena amalume anadzera kumunda kudzaona mpanda, mfuti ili paphewa. Nkhanga zinatuluka m'tchire gulu lonse, zikutola m'mphepete mwa munda, pafupi zedi moti ndinkaona mitu yawo yobiriwira. Ndinatsika pansanja mwakachetechete n'kuwakoka malaya. Anatsitsa mfuti, kuiika paphewa, kutsinzina diso limodzi. Ine ndinatseka makutu. Anakhala chomwecho kanthawi, kenako anaiweramitsa n'kuseka. "Zanenepa chaka chino," anatero. Nkhanga zinapita. Ndinakwiya nawo mpaka sindinawaperekeze pobwerera.

Masiku ano ndikapita ku Tottenham kukagula ufa ndi usipa, zimachitika kuti ndanyamula chinthu, ndaona mtengo, ndaganiza za bilu ya magetsi, n'kuchibwezera pashelefu. Mwana wanga amatupa masaya chimodzimodzi mmene ndinatupira ine. Ndimamusiya atupe. Ndinazindikira mochedwa kuti munthu wamkulu amene wabweza chinthu pashelefu amakhala akuchifuna kuposa mwana amene akulirayo.

Nguluwe zinabwera chimanga chitayamba kukhwima. Tinapita kumunda m'mawa wina n'kupeza ngodya ya kuphiri yonse itagona pansi, mapesi atathyokathyoka, zitsononkho zotafunidwa theka zili mbwee, dothi litafukulidwa ngati wadutsa ndi khasu munthu woledzera. Panali fungo lowawasa la nyama zam'tchire. Amayi anaima manja ali m'chiuno. Kenako anatola chimanga chimodzi chimene chinatsala bwino, kuchipukuta ndi chitenje, n'kunditumiza kukaitana amalume.

Ndinawoloka mtsinje madzi ali m'mawondo. Ndinawapeza akunola chikwanje pakhonde, akazi awo, amene tinkawatchula azakhali, akusenda maungu. Nditafotokoza, azakhali anasiya mpeni n'kunena motsitsa, akuyang'ana amuna awo osati ine, "Kwathu kunonso zinalowa dzana." Amalume anati, "Ndinaona." Kenako azakhali analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi bulangete atalipinda, n'kuliika pafupi ndi mfuti. Anandipatsa chidutswa cha dzungu lophika kuti ndizidya m'njira.

Kuyambira tsiku limenelo amalume ankagona kumunda kwathu. Anamanga kamsasa pafupi ndi pamene nguluwe zinkalowera, kumunsi kwa mphepo kuti zisawanunkhize. Ndikamapita kusukulu ndinkakumana nawo akutsika, maso ali ofiira, bulangete litanyowa. Amayi ankawapatsa phala, iwo n'kugona pang'ono pakhonde pathu, masiku ena n'kuwolokera kwawo, dzuwa lisanalowe abwerera. Nguluwe nazo zinali zochenjera. Akakhala kumtunda, zinkalowera kumunsi. Zinkadya pang'onopang'ono, ngodya iyi lero, ina mawa.

Kenako kunagwa mvula yosakata, ija ya mvumbi. Tsiku lina m'mawa amalume anatsika ali ndi nkhope imene sindinaionepo. Usikuwo nguluwe inali itaima patsogolo pawo, anakoka, mfuti inangoti tcha, osalira. Wonga unali utanyowa m'kati. Anakhala pakhonde akuchotsa zimene anasindira zija, wonga ukutuluka wakuda ngati matope. Chipolopolo anachipukuta n'kuchibwezera m'kachitini. Matope aja anawayang'ana pachikhatho, kenako anawapukutira pa buluku. Amayi anati mwina agulitse nkhuku, tikaonjezere wonga tsiku la msika. Iwo anati wa panjinga uja sabwera mitsinje ikadzaza, ndipo nkhukuzo zisiyeni ziikire ana mazira.

Dzuwa litatuluka anakhuthula wonga wonse wotsala m'mbale yachitsulo kuti uume, kutali ndi moto, ine n'kukhala pambali ndi kamtengo kuthamangitsa nkhuku. Unali wochepa, wongokuta pansi pa mbale. Anauyeza ndi kachitsekerero kaja, ndipo ndinaona milomo yawo ikugwedera akuwerengera. Bambo woyandikana nafe uja anafikanso, n'kunena kuti aike zipolopolo ziwiri zazing'ono nthawi imodzi, china chikaphonya china chigwira. Amalume anamvetsera mpaka anamaliza, anawathokoza, n'kusankha chimodzi chachikulu. Anachigubuduza pakati pa zala kuti amve ngati chili ndi chibowo. Nsanza anang'amba kumunsi kwa malaya awo omwe, chifukwa ndi imene inali youma. Kukamwa kwa mfuti anamangako kapepala ka pulasitiki ka shuga.

Ndimaganiza za manja amenewo ndikamayeza mankhwala a agogo amene ndimawasamalira kuntchito. Sankafulumira, sankanjenjemera, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene akusangalala ndi ntchito yake ngakhale zinthu zili zochepa.

Mfuti inalira m'bandakucha wina, amayi akukoleza moto, ine ndikusukusula. Kulira kwake kunagunda phiri n'kubwerera. Agalu a m'mudzi monse anayamba kuuwa. Amayi anaimirira, chikuni chili m'manja, kudikira ngati kumveke kukuwa kwa munthu. Sikunamveke. Anaponya chikuni pansi, ndipo tinathamanga, ine patsogolo.

Utsi unali usanachoke m'chimanga. Unalendewera pakati pa mizere, woyera, wonunkha mazira owola ndi makala. Amalume anali atakhala pachulu, mfuti ili pamiyendo, akusisita phewa. Chapatali pang'ono panagona nguluwe yaikulu yofiirira, ubweya wa pamsana uli njoo, mano atatuluka m'mbali. Ndinaopa kuyandikira. Amayi anagwada pafupi ndi mlongo wawo n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Amalume anangoti, "Inali mtsogoleri wake iyi. Zinazo sizibweranso kuno."

Tsiku limenelo sindinapite kusukulu, ndipo aphunzitsi sanandikalipire, chifukwa nawonso analandira nthuli yawo. Nyama inagawidwa khomo ndi khomo. Mwendo wathunthu amayi anaukulunga m'masamba a nthochi kuti upite kutsidya kwa azakhali. Ife ana tinawotcha chiwindi ndi mondokwa pamoto umodzi, mafuta akutsikira m'zigongono, tikukangana za amene anamva mfuti poyamba. Ndadyapo nyama m'malo ambiri kuno ku London, m'maukwati a ku Peckham ndi m'maphwando a kutchalitchi, koma sindinakhutepo ngati tsiku limenelo.

Amalume ananena zoona. Nguluwe sizinabwerenso kumunda kwathu. Iwo anakhalabe masiku ena angapo kuti atsimikize, kenako anapinda bulangete n'kuwoloka. Mfuti anaipachika, popeza panalibenso chothiramo. Chimanga chathu chinauma chili chiimire, ndipo pokolola nkhokwe inadzaza mpaka amayi anayamba kuunjika china pakhonde.

Masiku okolola azakhali ankabwera m'mawa uliwonse ndi ana awo aakazi, aliyense ndi dengu. Ankagwira ntchito tsiku lonse, akuseka ndi amayi, akunena za anthu a kutchalitchi. Madzulo amayi ankadzaza madengu awo ndi manja awo, kusankha chimanga chachikuluchikulu, kukanikiza, kuwonjezeranso pamwamba. Azakhali ankati, "Chakwana, alamu." Amayi ankapitiriza ngati sanamve.

Ine zinkandinyansa. Ndinali nditachilondera chimanga chimenecho, ndinkachiona ngati changa. Tsiku lina ndinafunsa amayi, azakhali ali pomwepo, kuti bwanji akutenga chathu ngati iwo alibe munda. Amayi sanandimenye. Anatenga kadengu kakang'ono, kukadzaza, kundisenzetsa, n'kunena kuti, "Kawaperekeze mpaka kwawo."

Tinawoloka mtsinje, madzi atatsika mpaka m'akakolo. Njira ya kwawo inkadutsa m'mbali mwa munda wawo, ndipo ndinauona koyamba chaka chimenecho. Munalibe phesi loimirira. Onse anagona pansi, atada, udzu utamera pamwamba pawo, dothi lili maenjemaenje kuyambira kuphiri mpaka kunjira. Azakhali sanayang'aneko. Ankayenda patsogolo, dengu lili pamutu, akundifunsa za mayeso. Titafika, amalume ananditula kadengu kaja, n'kundithyolera mzimbe kuti ndizidya pobwerera.

Ndinabwerera ndikutafuna mzimbe, dzuwa likulowa kuseri kwa phiri, mtima uli mbee. Podutsa pamunda paja ndinaimanso pang'ono. Ndinaganiza kuti anthu amenewa anakolola msanga chaka chino, ndipo ndinadabwa kuti anthu okolola msanga chotero akufunanso chimanga chathu.