Khansala Womwera M'chikho cha Takondwa

Sindinamvetsepo kuti mtima wotere unalowa bwanji mwa chidakwa chotere. A khansala athu amanunkha kachasu m'mawa, ndipo mlatho umene analonjeza sunamangidwe. Koma mankhwala a khunyu akasowa kuchipatala, amavuta akuluakulu mpaka apezeke.

Pamaliro ena, amayi anapatula chikho cha Takondwa, mtsikana wakhunyu, poopa kutenga matenda. A khansala anachinyamula n'kumwa thobwa lake.

"Ngati matendawa amapatsirana, mawa mundipeza pansi," anatero.

"Timakupezani pansi kale, bwana!" anayankha mayi wina.

Anthu anaseka, koma kuyambira tsikulo Takondwa amadya ndi anzake.

Pachisankho chotsatira ine sindinawavotere a khansalawo, ndipo analuzadi. Anakwera minibasi pa Chimbiya osatsanzika. Takondwa amafunsabe kumene anapita, koma palibe akudziwa.