Amuna Anga Sanapenge, Akuphunzira Kuimba

Woyamba kundibweretsera nkhaniyi ndi mayi a Tadala, mnzanga wa ku mapemphero a amayi a Lachinayi, amene amagulitsa tomato ndi mandasi pafupi ndi renki ya matakisi ku Brakpan kuno ku Joni. Anandipeza Lachiwiri ndikuyanika zovala, ndipo ngakhale moni sanaumalize.

"Mayi a Mphatso, tayambani mwakhala pansi."

"Kwagwanji, asisi?"

"Ine za eni sindikamba, mukundidziwa. Koma Loweruka ndawaona bambo a kunyumba kwanu ndi maso angawa, mu holo ya tchalitchi cha Asuthu chija cha ku Brakpan. Agona chagada pasimenti, buku lili pamimba, akuliza milomo ngati njinga yamoto yokana kulira. Pambali payima mayi wina wa imvi, akungovomereza ndi mutu. Hayibo!"

Abale anga owerenga, mukanakhala inu mukanatani? Ine ndinakumbukira kuti masabata apitawa bambowa akhala akuchitadi zachilendo. Akalowa kosamba, kumamveka "brrrr". Akakhala pabedi, amatenga kapu ya madzi ndi kachubu komwera zakumwa n'kumauzira mpaka thovu, munthu wamkulu wa imvi m'ndevu. Ndikafunsa ankangoti, "N'za pakhosi."

Atabwera ku Isando komwe amalondera nyumba yosungiramo katundu, sindinawalole kuvula nsapato.

"Bambo a Mphatso, mwalowa mpingo wanji ku Brakpan?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Si mpingo. Ndikuphunzira kuimba."

"Kuimba? Inuyo?"

"Eya. N'chifukwa chake sindinakuuzeni. Mwamva mmene mwafunsiramo?"

Apa analasa. Amuna angawa ndi munthu wabwino, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha iwo m'mawa uliwonse, koma chikwatiraneni sindinawamvepo akuimba. M'tchalitchi amangogwedeza milomo. Akuti ali Sitandade 3, aphunzitsi ena anawatulutsa pamzere wa kwaya n'kuwauza kuti, "Iwe uziimbira mumtima, ukutisokoneza." Kalasi yonse inaseka. Pakamwa panatsekeka tsiku limenelo.

Ndiye chatsegula lero n'chiyani? Apa m'pamene pali nkhani.

Apongozi anga, mayi awo, ali kumudzi ku Ntcheu, ndipo chaka chino anagwidwa ndi matenda ofa ziwalo. Mbali imodzi sigwira, kuyankhula kunatha. Tikaimba foni, alamu anga a Esinati amawaikira kukhutu, bambowa n'kumati, "Amayi, ndine Wisikesi," koma kumudziko zii. Sitidziwa ngati amamva. Kupita sangapite, mapepala awo akudikirabe kukonzedwa, ndipo akangowoloka malire kubwerera kudzavuta, ntchito n'kutha, pomwe mankhwala a mayiwo akuchokera pa ntchito yomweyo. Inu a kuno ku Joni simufuna kuti ndikufotokozereni zimenezi.

Koma a Esinati anati nthawi ina amayi a kumpingo atabwera kudzawazonda n'kuimba nyimbo, mayiwo anatembenuza mutu, milomo n'kumayenda. Mawu olankhula sakuwafika, koma nyimbo ikuwafika. Bambo a Mphatso atamva zimenezo anaganiza kuti ngati khomo lotsala ndi limenelo, alowera pomwepo. Pali nyimbo ya m'buku imene mayi awo ankaikonda popalira, ndiyo akufuna awaimbire okha, ndi pakamwa pawo, nthawi isanathe.

Mayi wa imvi uja ndi Mme Palesa, amene anaphunzitsa makwaya mpaka kupuma. Anamvana kuti bambowa aziwatchetchera kapinga, iwo aziwaphunzitsa mawu. Buku la pamimba lija n'loti aone ngati mpweya ukufika pansi, pakuti woimba amapumira m'mimba, osati m'mapewa. Kuliza milomo ndi kuuzira m'madzi n'komasula pakhosi. Palibe chiwanda pamenepo.

Lachitatu ndinawafotokozera mayi a Tadala zonsezi bwinobwino. Anati, "Ooo, chabwino." Ine ndimvekere yatha.

Lachinayi masana, bambowa ali pa ofu, ndinangomva "Odi! Odi kuno!" Kutsegula chitseko, amayi a mapemphero adzaza bwalo, avala zoyera, wina wanyamula botolo la mafuta. Nkhani inali itayenda kuchoka ku Brakpan kufika kwathu kuno ku Reiger Park, ndipo m'njira inanenepa. Ena anamva kuti akulankhula malilime achilendo. Ena anamva kuti mayi wa Chisuthu wawadyetsa. Mayi Nachisale, amene amatitsogolera, anandigwira dzanja mwachisoni ngati pamaliro.

"Limbani mtima, mwana wanga. Zoterezi zimatuluka ndi pemphero."

"Amayi, palibe choti chituluke. Akuphunzira kuimba."

"Pa msinkhu umenewu? Ndiye umboni wake ndi umenewo!"

Ndipo tsoka lake, nthawi yomweyo m'nyumba munamveka "miii, meee, maaa", bambowa akuyeserera osadziwa kuti kunja kuli khamu. Amayi awiri anagwada pomwepo. Mayi a Tadala anakuwa, "Mwamva? Mwamva nokha?"

Eish. Ndinapsa mtima mpaka m'makutu munatentha. Ine pemphero ndimalikonda, ndi limene landisunga m'dziko la eni lino, ngakhale masiku aja tinkagona ndi nsapato kumapazi poopa zipolowe zothamangitsa alendo. Koma safunsa anadya phula. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa onsewo amene anaganiza zogogoda n'kufunsa mwini wake kuti, achimwene, mukutani?

Bambowa anatuluka, kapu ya madzi ili m'manja. Anaona zoyera zija, anaona botolo, anamvetsa. Sanakalipe. Anangoti, "Pepani amayi, ndakusokonezani," n'kubwerera m'nyumba. Tsiku lonse sanatulutsenso liwu. Ndinaona mwana wa Sitandade 3 uja akubwerera kukakhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo zinandiwawa koposa mwano.

Tsono tandiuzani, anthu a kwathu, tili ndi vuto lanji ndi munthu wamkulu amene akuphunzira? Bambo akamamwa mpaka kugona m'ngalande timati ndi amuna, amatero. Akagwira buku kapena kuyesa nyimbo timati wapenga. Tinabwera kuno osadziwa Chizulu, tinaphunzira. Ine makina ochapira ndinawaonera kunyumba ya abwana, poyamba ndinkawaopa ngati galu, lero ndimawayendetsa ndikuimba. Zimenezo sitiseka chifukwa n'za pamimba. Koma zikakhala za mumtima, timati mawu ndi mphatso, amabadwa nawo, wopanda akhale chete.

Ndani anatiuza? Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma ndikudziwa kuti pamene Baibulo limati chilichonse chopuma chitamande, silinapatule a mawu okoma okha. M'matchalitchi mwathu muli anthu angati amene amangogwedeza milomo chifukwa wina anawaseka ali ana? Lamulungu likubwerali tayang'anani mzere wa abambo wakumbuyo. Mudzawaona.

Ndipo mukudziwa chimene Mme Palesa anapeza? Akuti khutu la bambowa ndi labwinobwino. Vuto n'loti kwathu nyimbo amayambitsa ndi amayi, ndipo timayambira kumwamba kwenikweni, ngati tikuitana munthu kutsidya la dambo. Mwamuna wa mawu aakulu akamatithamangira kumeneko amathyoka. Mme Palesa anawatsitsa pansi, pansi, mpaka anapeza pamene mawu awo amakhala. Akuti anawauza, powatchula bambo m'Chisuthu, kuti, "Ntate, zaka zonsezi mumagogoda pa nyumba ya eni, yanu ili apa." Ndiye mwina osokoneza sanali iwo. Mwina tinali ife oyambitsa.

Loweruka bambowa anafuna kujomba kwa Mme Palesa. Ndinawasitira shati n'kuwauza kuti, "Mukapanda kupita, ndipita ndine kukagona pasimentipo, ndipo ndiitana mayi a Tadala adzaonere." Anaseka, anapita.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, anati, "Tiyeni tiyese lero. Sindinakonzeke, koma a Esinati akuti amayi ayamba kukana phala." Tinatseka chitseko. Oyandikana nawo anali atatsegula wailesi mpaka malata kunjenjemera, ndipo ndinapita kukawapempha m'Chizulu changa chothyokathyoka kuti atsitse pang'ono. Mulungu awadalitse, anazimitsiratu.

A Esinati anagwira foni kuti tiziwaona. Apongozi anga agona pamphasa, aonda, maso ali kudenga. Bambo a Mphatso anaimirira ngati ali pa pelete, anaika dzanja pamimba, anakoka mpweya. Mzere woyamba unatuluka wonjenjemera, ndipo penapake unaphonya. Sindikunamizani kuti anaimba ngati mngelo, ayi. Koma anali mawu a mwamuna, akuya, ofunda, amene ine mkazi wawo ndinali ndisanawamvepo.

Ndime yoyamba inatha, mayiwo osagwedezeka. Anayamba yachiwiri. Pamenepo dzanja lawo lomwe limagwira linadzuka pang'ono n'kuyamba kumenya pamphasa. Phaa. Phaa. Koma mochedwa, osagwirizana ndi nyimbo.

A Esinati anayang'anitsitsa, kenako anaseka misozi ili mbwee.

"Achimwene, akuti mukuthamanga! Chepetsani liwiro, mukuithamangitsira kuti nyimboyo?"

Bambowa anachepetsa, natsata dzanja la mayi awo. Anayenda limodzi choncho, mwana kuno ku Reiger Park, mayi ku Ntcheu, mpaka netiweki inadula ndime yomaliza isanathe. Bambowa anakhala pabedi, ine ndinagwada n'kuthokoza.

Kwa amayi anzanga a Lachinayi, sindikusungirani mangawa, ndimakukondani, ndipo munabwera chifukwa cha chikondi ngakhale chinali chikondi chosafunsa. Mafuta aja musataye. Koma ngati mawondo anu akuyabwa kufuna kugwada, ndikupatseni chogwadira chenicheni. Apongozi anga akudyabe movutikira, a Esinati atopa ndipo ali okha, mapepala sanatuluke. Inu nonse owerenga, mukamapemphera sabata ino, likumbukireni banja lathu, ndipo mupemphe kuti mayiwa akhalepobe mpaka mwana wawo awamalizire ndime yotsalayo.